Anandiikira Ubuntu, zithunzi za ana zasowa: kodi zingabwerere?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga, yokhudza Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene ena amaika m'malo mwa Windows. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi:

"Laputopu yanga inali ndi Windows 10. Nditamva kuti Microsoft yasiya kuisamalira, komanso kuti makina angawa sangalandire Windows 11, mwana wa mchemwali wanga anandiikira Ubuntu. Ubuntu ikuyenda bwino, koma foda ya zithunzi za ana ndi makalata a kuntchito a zaka 8 sindikuiona paliponse. Mnyamatayo akuti anasankha pamene panalembedwa kuti Erase disk, poganiza kuti zichotsa Windows yokha. Papita masiku 3. Kodi zingabwerere?"

Mayi, ngati yankho ili mukuliwerengera pa laputopu yomweyo, izimitseni pompano, mupitirize kuwerenga pa foni. Sindikuseka ayi. Mphindi iliyonse imene kompyutayo ikuyaka, Ubuntu ikulemba tinthu pa disiki: masamba amene mwatsegula pa intaneti, zosintha zimene ikudzitengera yokha, mbiri ya zimene ikuchita. Chilichonse chimene ikulembacho chingathe kugwera pamwamba pa chithunzi cha mwana wanu, ndipo chithunzi chimene chalembedwa china pamwamba pake sichibwereranso, ngakhale mutapita nacho kwa katswiri wotani.

Simuli nokha. Microsoft inasiya kupereka zosintha zaulere za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri abwinobwino anakanidwa Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Ambiri anathawira ku Linux, imene Ubuntu ndi mtundu wake umodzi. Mnyamatayo musamukalipire kwambiri, chifukwa mawu aja amanyenga: munthu amaganiza kuti akuchotsa Windows, pamene akuchotsa disiki yonse ndi zonse zili m'menemo.

Tisanayambe zovuta, yang'anani kaye pamene pangakhale posavuta. Lowani pa OneDrive, malo a Microsoft osungira zinthu pa intaneti, kudzera pa foni kapena kompyuta ina, pogwiritsa ntchito akaunti ya Microsoft imene munkalowera mu Windows. Windows imakonda kukweza mafoda a Desktop, Documents ndi Pictures ku OneDrive mwini wake asakudziwa bwinobwino. Ndaona anthu akuda nkhawa sabata yathunthu pamene zonse zili phee pa intaneti. Onaninso m'bini ya OneDrive, imene imasunga zofufutidwa kwa masiku 30 pa akaunti wamba. Zithunzi zambiri zinachokera pa foni, choncho onani Google Photos, foni yakale, khadi la kamera ndi maimelo amene munatumizirapo makalata aja.

Ngati kumeneko kulibe, funso lalikulu ndi limodzi, ndipo mu imelo yanu simunalitchule: kodi disiki ya mu laputopuyo ndi hadi disiki yakale ija yozungulira, kapena ndi SSD, mtundu watsopano wopanda chozungulira m'kati? Yankho la funso limeneli ndi limene lingakuuzeni ngati muli ndi mwayi.

Chifukwa chake ndi ichi. Disiki ili ngati buku lalikulu lokhala ndi tsamba la zam'katimu koyambirira. Mukafufuta fayilo, kompyuta sipita kukafafaniza masamba ake. Imangochotsa dzina lake pa tsamba la zam'katimu n'kunena kuti malo aja ali opanda mwini. Mawuwo amakhalabe pomwepo mpaka china chitabwera kudzalembedwa pamenepo. Ngakhale kufomata kwachangu kumachita zomwezo: kumangoika tsamba latsopano la zam'katimu. Windows imasanja disiki m'njira yotchedwa NTFS, Ubuntu imagwiritsa ntchito ext4. Tsono mnyamata uja atasankha Erase disk, ndondomeko ya zigawo za disiki inalembedwa mwatsopano, ext4 inayalidwa pamwamba pa NTFS, kenako Ubuntu inakhala pa magigabaiti ochepa chabe. Pa hadi disiki ya magigabaiti 500, ndiye kuti mbali yaikulu sinakhudzidwe, ndipo zithunzi zanu zikhoza kukhala zikadali pansi pamenepo.

Pa SSD nkhani ndi ina. SSD ili ndi lamulo lotchedwa TRIM, limene kompyuta imauzira disiki kuti malo awa sakufunikanso, ndipo disikiyo imawayeretsa yokha kuti izilemba msanga. Pulogalamu imene imapanga ext4 imatumiza lamulo limeneli pa chigawo chonse nthawi yomweyo imene ikufomata, pokhapokha munthu ataiuza kuti isatero. Kuwonjezera apo Ubuntu ili ndi ntchito yotchedwa fstrim imene imabwereza zomwezo kamodzi pa sabata. Ndikuuzeni mosabisa: ngati ndi SSD, mwayi ndi wochepa kwambiri, ndipo kawirikawiri mapulogalamu obwezera mafayilo amangopeza ziro zokhazokha. Kuyesa sikulakwa, koma musalipire aliyense amene akukulonjezani kuti abweza zonse asanaione n'komwe disikiyo.

Kuti mudziwe mtundu wa disiki popanda kuyatsa Ubuntu imene ili m'katimo, tengani flashi imene anaikira Ubuntu ija. Yatsani laputopu kuchokera pa flashiyo, musankhe Try Ubuntu, osati Install. Mukatero Ubuntu imayendera pa flashi ndi mu RAM (memore ya kanthawi ya kompyuta), disiki yanu osaikhudza, bola musadine pa chithunzi chake kuti itseguke. Tsegulani pulogalamu ya Disks, ikuonetsani dzina ndi kukula kwa disiki. Dzina likayamba ndi nvme, imeneyo ndi SSD. Likakhala sda, ikhoza kukhala iliyonse mwa ziwirizo, ndiye fufuzani nambala ya modelo yake pa foni. Pomwepo yang'ananinso ngati pali chigawo china cholembedwa NTFS chimene chinapulumuka, kapena disiki yachiwiri. Malaputopu ena amakhala ndi SSD yaing'ono ya Windows ndi hadi disiki yaikulu yosungira zinthu, ndipo Erase disk imafufuta imodzi yokha imene inasankhidwa. Zikakhala choncho, mafayilo anu sanapite kulikonse, Ubuntu sinangowaonetsa.

Pali chinthu china chimene chingatseke njira: BitLocker. Ngati Windows inali itakhoma disiki ndi BitLocker, zonse zimene zatsala pansipo ndi zosokonezedwa, ndipo palibe pulogalamu imene ingazindikire chithunzi kapena kalata m'menemo. Kiyi yake ndi manambala 48, ndipo nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft. Mukaipeza kumeneko, dziwani kuti disiki inali yokhoma, isungeni bwino kiyiyo, ndipo ntchitoyi isiyireni katswiri.

Tsopano tinene kuti ndi hadi disiki ndipo sinali yokhoma. Mufunika disiki ina yakunja, yoposa kukula kwa imene ili mu laputopu. Ntchito yoyamba ndi kukopera disiki yonse momwe ilili, kuyambira poyambira mpaka pothera, ndi malo ooneka opanda kanthu omwe, n'kuiika mu fayilo imodzi pa disiki yakunjayo. Pulogalamu imene ndimadalira ndi GNU ddrescue, imene mu Ubuntu imapezeka ndi dzina loti gddrescue. Anthu ambiri amadumpha gawo ili chifukwa limatenga maola. Ine sindilidumpha. Mukalakwitsa pa kopeyo, mumangoyambiranso. Mukalakwitsa pa disiki yeniyeni, mwataya kachiwiri. Chenjezo limodzi: polemba lamulo la ddrescue, koyamba kumabwera kumene mukukopera kuchokera, kenako kumene zikupita. Mukazitembenuza, mudzafufuta chimene mumafuna kupulumutsa. Werengani kawiri musanadine Enter, ndipo ngati simunagwiritsepo terminal (zenera lolembamo malamulo), pezani munthu wodziwa akhale pambali panu.

Kope likatheka, pali mapulogalamu awiri aulere oti muwayendetse pa kopelo, amene analemba Christophe Grenier wa ku France, TestDisk ndi PhotoRec. Amabwera pamodzi mukaika testdisk.

TestDisk imafufuza zigawo za disiki zimene zinatayika. NTFS imasunga kope la gawo lake loyambira kumapeto kwenikweni kwa chigawo, choncho TestDisk nthawi zina imachipeza chigawo chakale ngakhale kumayambiriro kwawonongeka. Sankhani Analyse, kenako Quick Search, ndipo ikapanda kupeza pitani pa Deeper Search. Chigawo cha NTFS chikaoneka, dinani P kuti muone mafayilo ake. Mukaona mafoda anu ndi mayina awo, kondwerani, akopereni ku disiki yakunja. Musasankhe Write. Cholinga chanu si kuukitsa Windows, koma kutulutsa katundu wanu.

Mwayi wa zimenezi ndi waukulu ngati mafayilo anali pa chigawo chapadera, chija ambiri amachitcha D, chifukwa chimakhala chakumapeto kwa disiki kumene Ubuntu sinalembeko zambiri. Ngati zonse zinali pa C, pamavuta. Mayina a mafayilo onse a NTFS amakhala mu ndandanda yotchedwa MFT, ndipo pa Windows zatsopano ndandandayi imayambira pafupifupi magigabaiti 3 kuchokera poyambira pa chigawo, m'dera lomwelo limene Ubuntu imayamba kulembamo. Komanso ext4 simalemba poyambira pokha: imamwaza timatebulo take m'disiki yonse, n'kumatiyeretsa pang'onopang'ono kompyuta ikayaka. Ndiye pamakhala timabowo apa ndi apo, ndipo mavidiyo aakulu ndi amene amavulala kwambiri kuposa zithunzi.

TestDisk ikalephera, musathamangire PhotoRec. Yesani kaye pulogalamu imene imatola zidutswa za MFT zotsala n'kumanganso mafoda ndi mayina awo, monga DMDE kapena R-Studio. Onsewa amakulolani kufufuza ndi kuona zimene apeza musanagule chilichonse. Ndaonapo disiki imene TestDisk inati yawonongeka ikutulutsa foda ya Documents pafupifupi yonse kudzera m'njira imeneyi. Recuva, imene anthu ambiri angakuuzeni, ndi yabwino pa fayilo imene mwafufuta dzulo mu Windows, koma pa disiki imene yasanduka ext4 sindingayambire pamenepo.

PhotoRec ndi yomaliza, ndipo imagwira ntchito mwamtundu wina. Siyang'ana ndandanda iliyonse. Imawerenga disiki yonse n'kumafuna zizindikiro zimene mtundu uliwonse wa fayilo umayambira nazo: chithunzi cha JPEG chimayamba ndi FF D8 FF, PDF imayamba ndi %PDF, ndipo fayilo ya docx imayamba ndi PK chifukwa m'kati mwake ndi zip. Ikachipeza chizindikiro, imadula kuchokera pamenepo n'kusunga. Dzina lake lisakunamizeni, imadziwa mitundu mazana angapo ya mafayilo, osati zithunzi zokha. Poifunsa malo ofufuza, sankhani disiki yonse, ndipo pa funso la mtundu wa fayilo sisitimu sankhani Other, chifukwa mukufuna zimene zinali pa NTFS.

Vuto lake ndi lakuti mayina ndi mafoda zimatayika. Mudzapeza mafoda otchedwa recup_dir.1, recup_dir.2 mpaka mazana, odzaza ndi mafayilo a mayina ngati f1234567.jpg. M'menemo mudzakhala chilichonse: zithunzi za ana, tizithunzi ta Windows, zotsatsa malonda za masamba amene munatsegula zaka 5 zapitazo. Kuti musatope, pitani pa File Opt musanayambe, muchotse zonse n'kusiya mitundu imene mukufuna yokha, monga jpg, pdf, doc ndi zip. Ikamaliza, sanjani zithunzi malinga ndi kukula kwake. Zimene munajambula ndi foni kapena kamera zimakhala zazikulu, zinyalala zambiri ndi zazing'ono. Zithunzizo zimasunganso m'kati mwake deti limene zinajambulidwa, ndipo pulogalamu ngati ExifTool kapena digiKam ingazisanjenso malinga ndi chaka ndi mwezi. Makalata ndiye muyenera kuwatsegula limodzilimodzi. Ena adzatseguka theka, ena adzakana, makamaka amene anasungidwa m'zidutswa zomwazikana pa disiki.

Chilichonse chimene mwapeza chipite ku disiki yakunja, osati pa ya mu laputopu.

Ngati pokopera mukumva disiki ikugogoda kapena ikuima-ima, lekani nthawi yomweyo. Limenelo ndi vuto la zitsulo za m'kati, ndipo pulogalamu ingangowonjezera kuwonongeka. Pamenepo pafunika akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi chotsegulira madisiki. Afunseni ngati amayamba ndi kukopera disiki yonse. Akayankha kuti angoikamo Windows n'kuyendetsa pulogalamu, tengani laputopu yanu muchokepo.

Mayi, mukaona pa Disks, mundilembere dzina la disikiyo, kukula kwake ndi zigawo zimene zikuoneka, ndidzakuuzani lamulo lenileni la ddrescue loyenera makina anu. Mpaka nthawi imeneyo, laputopu ikhale yozima.