Shedi ya matabwa ya kasitima kanu: yambani ndi rula

Achimwene, ndaliona funso lanu lija: malume anu anakubweretserani kasitima koyendera magetsi kuchokera ku Johannesburg, pa bokosi panalembedwa HO, ndiye mukufuna kukamangira shedi ya katundu ya matabwa m'mbali mwa njanji koma simukudziwa mtengo woyenera kumangira. Ena akuuzani kale kuti muyitanitse kunja balsa, mtengo wopepuka ndi wofewa umene ambiri amamangira tinthu totere. Ine ndikuti ndalamazo sungani kaye. Kuno ku Salima mtengo si vuto. Chimene chimagwetsa anthu ndi muyeso, ndipo inenso chinandigwetsa.

HO ikutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 87. Munthu wotalika mamita 1.7 amatsala mamilimita 20 basi, chitseko cha mamita awiri chimabwera pa mamilimita 23. Shedi ya mamita 12 m'litali ndi 6 m'lifupi idzakhala mamilimita 138 kwa 69, yoti nkuyinyamula pa chikhatho. Tengani muyeso weniweni mu mamilimita, gawani ndi 87, lembani pa pepala, kenako ndiye mugwire mpeni. Dulaninso kamunthu ka katoni ka mamilimita 20 kazikhala pomwepo pamene mukugwira ntchito. Diso limanama kwambiri pa tinthu tating'ono, koma mukayimika kamunthuko pafupi ndi mphuthu ya chitseko, cholakwika chimaonekera pomwepo.

Pali kenanso kamene muyenera kusankha lero lomwe. Njanji za HO n'zotalikirana mamilimita 16.5, kutengera njanji zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America zimene ndi mamilimita 1,435. Yathuyi, imene inafika ku Salima mu 1935 kuchokera ku Blantyre kudzera ku Chipoka, n'kudzapitirira ku Lilongwe mu 1979, ndi yopapatiza: mamilimita 1,067, chimodzimodzi ya ku Zambia ndi ku South Africa. Tagawani 1,067 ndi 64, mupeza 16.7, kusiyana pang'ono chabe ndi njanji muli nayoyo. N'chifukwa chake anthu a ku New Zealand, kumene njanji ndi yofanana ndi yathu, ambiri amamanga pa 1:64 n'kumayendetsa pa njanji za mamilimita 16.5. Pa muyeso umenewo chitseko chija chimakhala mamilimita 31, munthu 27, ndipo zala zimapumako. Ngati mukufuna kuyendetsa injini ndi mabogi monga anabwerera m'bokosi, khalani pa 87. Ngati mumtima mukulota zodzadzipangira mabogi akwathu kuno, yambirani pa 64. Koma musasakanize, shedi ingaoneke ngati tchalitchi pafupi ndi sitimayo.

Tsopano mtengo. Pitani kwa kalipentala aliyense pa msika, mupemphe zidutswa zotsala za malaina kapena paini wouma bwino. Malaina ndimawakonda chifukwa ndi opepuka, mpeni umalowa bwino, ndipo mizere yake siyikuwa. Nkhani ya mizereyi anthu amayipeputsa. Paini wa mfundo ndi mizere ikuluikulu amakongola pa tebulo, koma pa kanyumba ka mamilimita 138 mzere umodzi umakhala ngati mtsinje wa Linthipe wadutsa pakhoma. Sankhani mbali yosalala yopanda mfundo. Bulugamu musiyeni, amang'aluka ndi kupindika. Mlombwa ndi mbawa nzabwino koma nzolimba podula tizidutswa topyapyala, ndipo n'kuwononga mtengo wa mipando.

Nsanamira ndi mapaso muli nazo kale kukhitchini. Kamtengo ka machesi kamanenepa pafupifupi mamilimita awiri, zimene pa 87 ndi nsanamira ya masentimita 17, yoyenera ndithu shedi. Timitengo ta ayisikilimu ndiye msampha. Aliyense amathamangira timeneti, koma m'lifupi mwake ndi mamilimita pafupifupi 10, kutanthauza thabwa la masentimita 87. Munaliona kuti thabwa lotero? Thabwa la masentimita 15 liyenera kukhala mamilimita 1.7. Kung'amba timatabwa totere timodzitimodzi n'kotheka, koma njira yachidule ndi iyi: funani pulayiwudi wakale amene ananyowa ndi mvula n'kuyamba kusendeka, musende chikhungu chapamwamba chija, chimene nthawi zambiri sichifika milimita imodzi. Chipaleni ndi sandipepa, kenako jambulani mizere ndi kumbuyo kwa mpeni motsatira rula yachitsulo, mzere uliwonse mamilimita awiri. Mizere ina muzamitse, ina mungokhudza. Matabwa a shedi yeniyeni sakhala ofanana ngati mano a chipeso. Chiwale nachonso chimathandiza, n'chopepuka ngati balsa yemweyo, koma chimayoyoka m'mphepete, choncho ine ndimachiyika mkati mosaoneka kapena pansi pa nsanja yotsitsira katundu.

Shedi yanga yoyamba ndinamanga ndi nsungwi zimene ndinadula ndekha zisanaume. Inakongola miyezi itatu. Tsiku lina ndinapeza kaufa koyera pansi pake, anankafumbwe atalowa kalekale, ndipo nditaigwira denga linangoti phwa! Mukafuna nsungwi, tengani zakale zouma za mpanda, kapena timitengo tobayira nyama togula m'sitolo.

Pomanga, musayimike nsanamira m'mwamba ngati mukumanga nyumba yeniyeni. Khoma lililonse limangidwe chogona. Jambulani khomalo pa pepala mu muyeso wake weniweni, liyaleni pa thabwa lofewa kapena pa katoni wochindikala, pamwamba muyale pulasitiki woonekera kuti guluu asamatire pa pepala. Tizidutswa muzitiyika pa mizere yomweyo, n'kuzipanikiza ndi mapini a atelala mbali ndi mbali. Pini isabowole mtengo, ungang'aluke. Mukamaliza khoma limodzi, lina lofanana nalo mumangire pa pepala lomwelo, zidzalingana zokha. Mitanda ya denga chimodzimodzi: chojambula chimodzi, mitanda isanu kapena isanu ndi umodzi, yonse yotuluka pa chikombole chomwecho. Machesi dulani ndi lezala kapena mpeni wakuthwa pogubuduza, osati kukanikiza kamodzi, chifukwa amaphwanyika kumapeto. Polumikiza makoma anayi, tsamiritsani pa sikweya ya kalipentala kapena pa bokosi la machesi, mugwire ndi mapegi oyanikira zovala, muzisiye usiku wonse.

Guluu ndi woyera uja wa akalipentala, ndipo muzimutapa ndi nsonga ya kamtengo, kadontho kamodzi. Super glue amafulumira koma salola kukonza, amasiyanso zoyera zonyezimira.

Apa mverani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amalirira: mtundu pakani musanamate. Guluu woyera akauma amatseka mtengo, ndiye mukadzapaka pambuyo, polumikizira ponse padzakhala mawanga oyera ngati zikanga. Ndipo vanishi wonyezimira ayi, shedi ya njanji si kabati ya pabalaza. Kuti mtengo uoneke wokalamba ndi dzuwa, ikani kachidutswa ka sitiwulu wotsukira mapoto mu botolo la viniga, musatseke kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya, mudikire masiku awiri kapena atatu. Pakani kaye tiyi wakuda wowirira pa mtengo, aume, kenako pakani madzi a viniga aja. Chitsulo chikakumana ndi zowawa za mu tiyi, mtengo umasanduka wotuwa pamaso panu, ngati bwato lakale la pa gombe. Yesani pa chidutswa chotaya kaye, pakuti mtengo uliwonse umalandira mosiyana. Pakani mbali zonse ziwiri. Chikhungu chopyapyala mukachinyowetsa mbali imodzi chimapindika ngati chiwaya, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno nthawi ya dzinja chimachita zomwezo ku khoma lopakidwa kunja kokha. Mkati mwa khoma lililonse matanimo timitengo tiwiri topingasa.

Malata ndi osavuta. Tengani pepala la aluminiyamu lochindikalako, liyaleni pa chipeso cha mano othinana kapena pa bawuti yayitali, mukhwekhwereze ndi chikhadabo. Dulani malata amodziamodzi muwayale mosanjikizana monga amachitira okhoma denga. Penti wotuwa wosanyezimira, dzimbiri pang'ono m'munsi ndi molumikizira, basi. Dzimbiri likachuluka imaoneka bwinja.

Musanamate shedi pa thabwa lalikulu, yendetsani bogi yanu yayitali kwambiri pamalopo kangapo, makamaka ngati pali pokhota. Pokhota bogi imatulutsa mapeto ake kunja ndipo mimba yake imalowa mkati. Ine khonde la shedi yanga yachiwiri linathyoledwa ndi sitima yanga yomwe, ana akuonerera. Ndibwinonso shedi ikhale pa kathabwa kakekake kochotseka, kuti muzitha kupukuta njanji ndi kuisunga m'bokosi kutali ndi chiswe ndi mphemvu, zimene zimakonda guluu.

Za pansi pozungulira shedi, ndikudziwa muganiza za mchenga wa ku Senga Bay kapena ku Chipoka. Ndi wabwino mukausefa ndi sefa ya tiyi, koma mchenga wa m'mbali mwa nyanja kuno uli ndi timiyala takuda tachitsulo. Mota ya kasitimako ili ndi maginito, idzatikoka tonse n'kulowa m'magiya. Uwumitseni padzuwa, muyendetsemo maginito a sipika yakale ya wailesi mpaka asiye kutola zakuda, kenako muumate ndi guluu wosungunula ndi madzi kuti pasatsale kotayirira.

Loweruka likubwerali pitani ku siteshoni ndi tepi, mupemphe chilolezo kwa amene mukawapeze, mukayese chitseko chimodzi ndi kutalika kwa nsanja. Mukamanga makoma, nditumizireni chithunzi musanakhome denga, kamunthu ka katoni kaja kali chiyimire pakhomo, tione ngati kangalowe osawerama.