Mausi yakana pa kompyuta yakale

Funso: Akulu, ndili ndi kompyuta yakalekale ya Windows XP, mausi yake ndi ija ya pulagi yozungulira, koma ndikalumikiza kamuvi sikakusuntha olo pang'ono. Yafa basi?
Wowerenga, Zomba

Yankho: Musathamangire kugula ina achimwene. Pulagi imeneyo ndi PS/2, siili ngati USB, kompyuta imaiona pa nthawi yoyatsa yokha, ndiye zimitsani kaye, lumikizani kenako muyatse. Onaninso bowo, la mausi ndi lobiriwira, la pepo ndi la kiyibodi, ambiri amasokoneza pamenepa poti amangopapasa kuseri kwa tebulo osayang'ana. Suzumiraninso timapini 6 ta mupulagimo, kena kakapindika kawongoleni bwinobwino ndi singano, kakathyoka ndiye basi yapita imeneyo. Zikakanikabe bwerekani mausi ya USB muyese, XP imaizindikira yokha popanda kusaka ma driver (timapulogalamu tothandiza kompyuta kugwiritsa ntchito chipangizo).