Funsani Dokotala: Ndi autism, ADHD, kapena mabala a paubwana?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 34, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama ku Lilongwe. Ndimaiwala kwambiri, moti sabata yatha ndinapsereza nyemba kawiri. Ku ukwati sinditha ngakhale ola limodzi, ndimathawira panja. Abwana akangokweza mawu ndimauma thupi, zimene akunena osazimva. Anzanga ndi owerengeka. Pa TikTok ndaonera mavidiyo a autism ndi ADHD, ndipo onse akukhala ngati akunena ine. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka 9, ndipo kumene ndinakaleredwa ndinkamenyedwa pafupifupi tsiku lililonse mpaka ndili Fomu 3. Vuto langa ndi liti?

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo muli mwana. Mavidiyo aja sakunama kwenikweni. Kuiwala, kuthawa phokoso ndi kusowa anzanu zimapezeka m'mavuto onse atatu: autism (kuvutika kumvana ndi kucheza ndi anthu, komanso kuvutitsidwa ndi zinthu monga phokoso), ADHD (kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kusakhazikika), ndi limene madokotala amati complex PTSD, lobwera chifukwa cha nkhanza zokhalitsa zimene munthu analibe kothawira. Kungoti vidiyo imaonetsa zakunja zokha. Ife tikakhala pansi ndi munthu timafunsa kuti zinayamba liti, ndiponso kuti pamene zikuchitikapo m'kati mwake mumakhala motani.

Autism ndi ADHD zimachokera m'mene ubongo unakulira, ndipo zimayenda kwambiri m'magazi. Sizimugwera munthu atakula. Buku la madokotala a zamaganizo a ku America, DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, limati zizindikiro za ADHD zikhale zinaoneka munthu asanakwane zaka 12, pomwe za autism zimayamba mwana ali wamng'ono ndithu. Kwa inu zaka 12 sizithandiza, popeza chikwapu chinayamba muli ndi 9. Tikufuna kumudziwa mtsikana uja wa Sitandade 1 ndi 2, mayi ake ali moyo. Pezani azakhali, agogo kapena akulu anu muwafunse. Kodi mukatumidwa mchere munkabwera ndi sopo? Makope ndi mapensulo ankatha sabata asanasowe? Munachedwa kuyankhula? Anzanu akamasewera phada ndi masanje munkalowa nawo, kapena munkakhala panokha kundandalika timiyala? Akati munali mwana wochangamuka, wocheza, ndipo munasintha maliro atachitika, ndiye kuti tapeza poyambira.

Tiyeni ku nyemba zija. Wa ADHD wateleka poto, wapita kukatenga mchere, waona zovala zanyowa pachingwe, akuanula foni yalira, kenako wamva fungo la zopserera. Maganizo ake amadumphadumpha ngakhale tsiku limene wadzuka bwinobwino, kunyumba ndi kuntchito komwe. Wa autism amakhala wamira m'chinthu chimodzi, mwina ma akaunti amene wabwera nawo kunyumba, ndipo kuchokapo kumamuvuta. Wa mabala a m'maganizo amakhala kuti mutu uli pa ulonda. Khutu lili kuchitseko, kumvetsera mapazi a munthu, kapena amangozindikira kuti papita mphindi 20 ali chiimire, osadziwa kumene anali. Zake zimakula akagona moipa, akalota zoopsa, kapena china chikamukumbutsa kale.

Za ku ukwati nazo dzifunseni chimene chimakutulutsani. Ngati ndi masipika enieniwo, fungo la mafuta odzola a anthu, nsalu yoyabwa ya yunifolomu ya ukwati, ndipo zimakupwetekani ngakhale mwazunguliridwa ndi abale amene mumawakonda, timaganizira autism. Amayi ambiri a autism anaphunzira kubisa. Amaloweza moni, amaonera anzawo poseka n'kusekanso, ndiye akafika kunyumba amakhala atatheratu ngati alima tsiku lonse. Ngati mumasankha mpando wa kukhoma kuti muziona khomo, ndipo mtima umathamanga bambo woledzera akayamba kukuwa, amenewo ndi mantha. Wa ADHD yekha phokoso mwina salidandaula, chimamutopetsa ndi kukhala pansi maola atatu a perekaniperekani.

Za kuyang'ana m'maso musazitengere. Mabuku akunja amazitchula ngati chizindikiro cha autism, koma kwathu kuno mwana woyang'anitsitsa akulu m'maso amatchedwa wamwano. Tikati tiyeze ndi zimenezo, mudzi wonse upezeka nayo.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi kuuma thupi abwana akakweza mawu. Mwa zonse mwalemba, chimenecho chikuloza kwambiri ku nkhanza zija. Mwana womenyedwa amaphunzira kuti kukhala duu n'kumene kumapulumutsa, ndipo thupi limapitiriza zomwezo mwiniwake atakula. Dokotala wa ku America, Judith Herman, ndiye anafotokoza complex PTSD mu 1992, ndipo bungwe la WHO linaiika m'ndandanda wake wa matenda, ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Munthu wake zakale zimamubwerera ngati zikuchitika tsopano, masana kapena kutulo. Amapewa zomukumbutsa, amadzidzimuka msanga. Pamwamba pa izo, mkwiyo kapena misozi zimamuvuta kugwira, amadziona wachabechabe, ndipo kukhulupirira anthu n'kovuta. Tsono pa za anzanu owerengekawo, kodi n'chifukwa choti simumvetsa zimene anthu akutanthauza akamazungulira nkhani, kapena mumamvetsa bwino koma mumaopa kuti akupwetekani?

Musadabwe mukadzauzidwa kuti muli ndi ziwiri. Chisanafike 2013 buku lakale la DSM silinkalola kumupeza munthu mmodzi ndi autism komanso ADHD, koma tsopano tikudziwa kuti zimayendera limodzi kawirikawiri. Ndipo taganizani, pakhomo pa ana asanu, amamenyedwa kwambiri ndani? Ndi uja woswa makapu, woiwala zomwe watumidwa, wotchedwa wosamva. Mwana wa ADHD kapena autism nkhanza zimamupeza msanga, ndiye amakula atasenza zonse.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa chithandizo chake n'chosiyana. ADHD ili ndi mankhwala monga methylphenidate, amene ambiri amawadziwa kuti Ritalin, ndipo amathandiza ndithu, koma kwa munthu wa mantha angathe kuwonjezera kusowa tulo ndi kuthamanga kwa mtima. Chonde musamwe otumiziridwa ndi mnzanu wa ku Joni. Autism ilibe mankhwala oichotsa. Chimene chimathandiza ndi kudzidziwa n'kukonza moyo moyenera, monga kupempha malo ogwirira ntchito opanda phokoso, kapena kuti malangizo azikupatsani olembedwa. Mabala a nkhanza amapola pokambirana ndi katswiri wophunzira ntchitoyo, pang'onopang'ono, kwa miyezi, kuyambira pa kukhazika thupi pansi musanafukule zakale.

Tisanafike konseko, ine ndikanayamba ndakuyezani magazi ndi chithokomiro, n'kufunsa za tulo, mowa ndi matenda okhumudwa, pakuti zonsezi zimaiwalitsa. Ndikanafunsanso ngati munadwalapo malungo a muubongo muli mwana. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2010 anapeza kuti ana ochira malungo amenewa amadwala khunyu ndiponso kukhala ndi mavuto a khalidwe kuposa anzawo.

Yambirani kwa namwino wa zamaganizo pa chipatala cha boma. Ku Lilongwe komweko kulinso St John of God, yomwe ilinso ku Mzuzu, ndipo a kummwera angapite ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Kupita kumeneko sikutanthauza misala ayi. Kwa masabata awiri musanapite, muzilemba m'kope nthawi iliyonse mwaiwala kapena mwauma thupi: munali kuti, panali ndani, usiku wake munagona bwanji. Koma ngati maganizo odzipha amakubwererani, za kope zisiyeni, pitani lero. Potuluka m'nyumba mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi wachibale amene anakuonani mukukula mayi anu asanamwalire.