Adokotala ati tisankhe tokha za opareshoni ya bambo: kodi akuthawa udindo?

Mayi wina wa ku Bembeke, ku Dedza, wanditumizira imelo. Bambo ake a zaka 74 awapeza ndi chotupa m'matumbo. Ali ndi BP, shuga, ndipo chaka chatha anadwalapo sitiroko. Kuchipatala chachikulu komwe anawatumiza awauza kuti opareshoni itheka, koma ndi mmene thupi lawo lilili chiopsezo n'chachikulu, ndiye akambirane kaye pabanja. Achimwene ake a mayiyu, omwe ali ku Johannesburg ndipo ndiwo akutumiza ndalama, akuti ichitike basi. Madalawo akungoti, "Ndiperekezeni kwathu." Mayiyu akufunsa kuti: "Adokotala ndiwo anaphunzira, nanga akutikankhiranji nkhaniyi ife?"

Achemwali, pepani ndi matendawa. Adokotalawo sakuthawa ayi. Iwo akudziwa za chotupacho, za mtima ndi za mankhwala ogonetsa. Chomwe sikani singawaonetse n'chakuti bambo anu akufuna masiku awo akutsogoloku akhale otani, ndipo angalolere kuvutika mpaka pati.

Kwa munthu wokalamba wa matenda atatu ngati amenewa, ku thiyeta zikhoza kuyenda bwinobwino, mavuto n'kudzayamba ali pabedi mu wodi: chibayo, bala lochedwa kupola chifukwa cha shuga, magazi kuundana m'miyendo, sitiroko ina, kapena kubalalika mutu kwa masiku angapo, komwe achibale ena sachedwa kunena kuti alodzedwa. Ena amachira n'kubwerera kumunda. Ena amatuluka ali moyo ndithu, koma osathanso kupita kuchimbudzi okha. Komanso pa opareshoni ya matumbo, nthawi zina amatulutsira thumbo pamimba, chimbudzi n'kumagwera m'kathumba komata pakhungu. Alipo ambiri amene akhala nako zaka ndi zaka, alinso ena amene amati bola kufa. Amene angayankhe zimenezi ndi mwini thupi.

Mukabwerera kuchipatala musapite ndi funso loti "tichite kapena tisachite?" lokha. Afunseni ngati cholinga n'kuchotseratu matendawo kapena kungochepetsa ululu. Akufotokozereni mmene bambo adzakhalire zikayenda bwino, mmene adzakhalire zikavuta, ndi zomwe iwo akuona kuti ndizo zingachitike kwenikweni. Akayamba za maperesenti, apempheni anene kuti mwa anthu 10 onga bambo anu ndi angati amabwerera kwawo akuyenda okha. Ndipo musaiwale kufunsa zomwe zidzachitike opareshoni ikapanda kuchitika, chifukwa kukana nakonso kuli ndi mtengo wake: chotupa chikhoza kudzatseka matumbo, ndiye opareshoni yadzidzidzi, mwina pakati pa usiku, imakhala yoopsa kuposa yokonzekera. Mwina ilipo yaing'ono yongopatutsa njira ya chimbudzi osachotsa chotupacho. Funsani.

Pemphaninso kuonana ndi amene adzawagonetse. Kuno kwathu ntchitoyi ambiri amene amaigwira ndi makiliniko ofisa, ndipo ndi amene amayeza ngati mtima ndi mapapo zingapirire. Mabedi a ICU, chipinda cha odwala kayakaya, ndi ochepa, ngakhale pa Kamuzu Central pomwe, choncho si mwano kufunsa ngati bedi ndi magazi zidzakhalepo tsikulo. Muthanso kungowafunsa kuti, "Inuyo mukutilangiza zotani?" Kusankhira limodzi sikutanthauza kuti dokotala akhale duu.

Povuta penipeni ndi pakhomo panupo. Ife tinazolowera kuti nkhani yaikulu amamanga ndi eni mbumba, ndipo wodwala timamubisira dzina la matenda poopa kuti ataya mtima. Masiku ano wotumiza ndalama nayenso mawu ake amalemera. Koma ngati bambo mutu wawo ukugwira bwino, osaina fomu yovomera ndi iwowo, si achimwene, si inu. Ine ndimaona kuti kubisako nthawi zambiri kumatonthoza ife osati wodwalayo. Munthu amene waonda mpaka lamba kusowa bowo amadziwa kale kuti zinthu sizili bwino.

Khalani nawo pansi awiriwiri, popanda gulu, muwafunse kuti "kwathu" akunenako akutanthauza chiyani. Mwina akuopa chifukwa anamva kuti wolowa ku thiyeta sabwerako. Mwina akumvera chisoni ana kuti ndalama zikutha pa thiransipoti, pa chakudya cha gadiyani, mbatatesi zikuolera kumunda. Mantha oterewa ali ndi mayankho, ndipo akayankhidwa mwina asintha maganizo. Koma mwinanso amvetsa zonse, ndipo asankha kuti masiku otsalawa akhale pakhonde pawo, akuothera dzuwa ndi zidzukulu. Ngati zili choncho, musawakakamize. Achimwene aja muwaimbire pa WhatsApp pomwe adokotala akufotokoza, adzimvere okha, chifukwa munthu ali kutali amaona ngati kukana opareshoni n'kutaya kholo.

Si kutaya. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika mu 2014, ndipo zipatala zambiri za maboma ndi zamishoni zili ndi kiliniki yake, komwe amapereka mofini wakumwa wothetsa ululu n'kuphunzitsa osamalira wodwala kunyumba. Musanatuluke, pemphani kalata yokalembetsera ku chipatala cha Dedza. Funsaninso kuti muli ndi nthawi yaitali bwanji yoganizira, ndiponso ngati angawalandire atasintha maganizo.

Pakadali pano asasiye mankhwala a BP ndi shuga, ndipo ngati amamwa asipirini, adokotala adziwe. Mukaona mimba yatupa, akusanza, sakuchita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, musadikire kuti kuche kapena kuti banja ligwirizane. Pezani galimoto nthawi yomweyo.