Ndani amasankha oyendetsa Python, nanga bwanji inu simuvota?

Mmodzi wa owerenga wandilembera imelo. Akuti akuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo wamva kuti chaka chilichonse pamakhala chisankho cha anthu 5 olowa mu komiti yoyendetsa chilankhulochi, imene amaitcha Steering Council. Akufunsa kuti: "Ngati Python ndi ya aliyense, bwanji ife amene timaigwiritsa ntchito sitivota? Nanga chingaletse n'chiyani kampani yaikulu kudzaza anthu ake mu komitiyo?"

Achimwene, ndiyambe ndi mmene komitiyi inabadwira, chifukwa malamulo ake analembedwa ndi anthu amene anali atangotuluka kumene mu mkangano, ndipo zimenezo zimaonekera.

Guido van Rossum, wa ku Netherlands, anatulutsa Python mu 1991, ndipo kwa zaka zoposa 25 mawu omaliza anali ake. Munthu akafuna kusintha chinachake chachikulu, amalemba chikalata chotchedwa PEP, anthu n'kukangana mmene angathere, koma Guido akangoti "ilowe" kapena "ayi", nkhani inkathera pomwepo. Mu 2018 kunabwera PEP 572, yofuna kulowetsa chizindikiro cha := mu chilankhulochi. Timadontho tiwiri ndi timizere tiwiri basi, koma mkangano wake unatenga miyezi, mpaka ena kufika polankhula mopyola malire. Guido anavomereza PEP-yo, kenako pa 12 July 2018 analembera anzake kuti watopa ndipo akutula pansi udindo. Sanaloze munthu womulowa m'malo. Anangowasiyira kuti aone okha chochita.

Njira zimene anthu anabweretsa zinali zingapo. Ena ankafuna mtsogoleri mmodzi watsopano, ena ankafuna atatu, ena ankati gulu lonse lizigamula popanda mtsogoleri. Mu December 2018 inapambana PEP 8016, yolembedwa ndi Nathaniel Smith ndi Donald Stufft, ndipo malamulo ake lero ali mu PEP 13. Pa chisankho choyamba, kumayambiriro kwa 2019, oyenera kuvota anali 96, ndipo amene anavota anali 69. Anasankha Barry Warsaw, Brett Cannon, Carol Willing, Alyssa Coghlan ndi Guido mwiniwake.

Taonani nambalazo. Anthu osakwana 100 kusankhira anthu mamiliyoni ambiri. Ndikumvetsa chifukwa chake zikukuwawani.

Amene amavota ndi ma core developer, anthu amene ali ndi chilolezo cholowetsa zosintha mu code yeniyeni ya Python. Si onsenso ayi, koma okhawo amene akugwirabe ntchito. Munthu akakhala zaka ziwiri osachita chilichonse chooneka, akhoza kuikidwa m'gulu la opuma, ndipo voti yake imaima kufikira atabwereranso. Koma kupikisana nawo n'kotseguka kuposa mmene ambiri amaganizira: simusowa kukhala core developer kuti muime, chofunika n'chakuti mmodzi wa iwo atchule dzina lanu. Iwo eni akhoza kudzitchula okha. Mayina akatchulidwa, aliyense amalemba poyera zimene wachita ndi zimene akufuna kudzachita, kenako voti imaponyedwa mwachinsinsi pa intaneti. Pa chisankho choyamba wovota ankachonga anthu osapitirira 5, koma zaka zotsatira ankangochonga onse amene wawavomereza, kaya mmodzi kaya khumi, ndipo 5 opeza machongo ambiri ankalowa. Kumapeto kwa 2024 anagwirizana zosinthira ku njira ya STAR, imene wovota amapatsa wopikisana aliyense nyenyezi kuyambira 0 mpaka 5. Anthu awiri akafanana mavoti, amagwirizana okha amene alowe, zikakanika amachita maere.

Ine ndimaona kuti kuchepetsa ovota motere n'kolondola, ndipo chifukwa chake si chakuti ma core developer ndi anzeru kuposa ife tonse. Chifukwa chake ndi katundu. Komiti ikavomereza chinthu chatsopano, amene adzachisamale zaka 10 kapena 20 zikubwerazi ndi iwowo. Iwo ndi amene adzayankhe madandaulo chikasokoneza mapulogalamu a anthu, iwo ndi amene adzakonze chikakana kuyenda pa Windows chikuyenda bwino pa Linux. Mu 2023 komiti inavomereza PEP 703 ya Sam Gross, yolola Python kuyenda popanda loko wamkati wotchedwa GIL, amene amaletsa ma thread angapo, tizigawo ta pulogalamu imodzi toyenda payokhapayokha, kuyendetsa code ya Python nthawi imodzi. Ogwiritsa ntchito ambiri akanavota kuti inde tsiku lomwelo, poti ndani safuna liwiro? Koma komiti inavomereza ndi mfundo yakuti zilowe pang'onopang'ono, ndiponso kuti zikhoza kubwezedwa ngati zitavuta, ndipo mu Python 3.13 ya October 2024 zinalowa ngati zoyeserera chabe. Kusamala kotere kumachokera kwa anthu amene akudziwa kuti mtolowo adzasenza okha.

Palinso vuto lina losavuta kulimvetsa. Python ilibe kaundula wa oigwiritsa ntchito. Aliyense amangoitenga pa intaneti osalembetsa dzina. Mutati aliyense avote, munthu mmodzi akhoza kutsegula ma imelo 500 usiku umodzi, ndipo kampani imene mukuiopayo ndi imene ingapindule koyamba.

Tsono pa funso lanu lachiwiri. PEP 13 imanena kuti anthu ogwira ntchito pa kampani imodzi asapitirire awiri mu komiti. Atatu a kampani imodzi akapezeka m'gulu la opambana, amene wapeza mavoti ochepa pa atatuwo amachotsedwa ndipo wotsatira pa mndandanda amalowa. Lamuloli silithera pa tsiku la chisankho. Wina akasintha ntchito pakati pa chaka, kapena kampani ina ikagula inzake n'kupezeka kuti atatu ali pa bwana mmodzi, wina ayenera kutula pansi. Awiri pa anthu 5 sangagamule okha kanthu. Komanso ma core developer akhoza kuchotsa membala mmodzi kapena komiti yonse nthawi ina iliyonse: wina aitanitse voti yosonyeza kuti alibenso chikhulupiriro, wina amuvomereze pasanathe sabata, ndipo magawo awiri mwa atatu a ovota akagwirizana, zatha. Ngakhale popanda zimenezo, komiti yatsopano imasankhidwa Python yatsopano ikatuluka, ndipo kuyambira 2020 imatuluka chaka chilichonse mu October.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri m'malamulowa n'chakuti amapatsa komiti mphamvu zambiri, kenako n'kuiuza kuti izigwiritsa ntchito mphamvuzo pang'ono mmene ingathere. Iziyamba yafunafuna mgwirizano, izipereka nkhani kwa akatswiri ake, ndipo izigamula yokha zina zonse zikakanika. Ndipo zinagwiradi ntchito pa munthu amene akanatha kuzinyoza. Guido anakhala mu komiti chaka chimodzi chokha n'kuchotsa dzina lake pa chisankho chotsatira. Pamene iye ndi anzake ankafuna kulowetsa lamulo latsopano lotchedwa match mu chilankhulo, anapereka PEP yawo ku komiti ngati wina aliyense n'kudikira yankho. Inavomerezedwa mu February 2021 atailembanso.

Koma musaganize kuti mantha anu ndi opanda pake. Lamulo la anthu awiri limateteza mipando, siliteteza nthawi. Munthu amene kampani ikumulipira kuti azigwira ntchito pa Python tsiku lonse amalemba code yambiri, amayankha mafunso ambiri, amadziwika, ndipo pa chisankho dzina lodziwika ndi limene limachongedwa. Wongodzipereka amene amatsegula kompyuta usiku ana atagona sangapikisane naye mofanana. Kampani sisowa kugula komiti ngati ndi imene ikulipira anthu olemba ma PEP amene komitiyo ikuwerenga. Apa palibe lamulo lachisankho limene lingatseke. Chimene chimaopseza makampani ndi chilolezo cha open source chenichenicho, chimene chimalola aliyense kutenga code ndi kuisintha, chifukwa anthu akakwiya akhoza kutenga code yonse n'kukayamba kwina. Kampani ya Oracle itagula Sun, mwini wa pulogalamu yolembera zikalata ya OpenOffice, mu 2010, ambiri mwa anthu a OpenOffice anachoka n'kuyambitsa LibreOffice, ndipo lero imene mumaipeza pa Linux zambiri ndi LibreOffice.

Ngati mukufunadi voti, makomo alipo awiri. Lalitali ndi lokhala core developer: kukonza zolakwika, kuwunika ntchito za ena, kulemba zofotokozera, kwa nthawi yaitali, mpaka wina akutchuleni ndipo magawo awiri mwa atatu a ovota akuvomerezeni, komiti osatsutsa. Lalifupi ndi Python Software Foundation, bungwe losiyana ndi komiti ija, limene linakhazikitsidwa mu 2001 ndipo limasunga ndalama, dzina la Python, ndi kuthandiza misonkhano ya PyCon m'mayiko osiyanasiyana. Bodi yake imasankhidwa ndi mamembala, ndipo munthu amene amadzipereka maola 5 pa mwezi pa ntchito za Python, ngakhale kuyendetsa kagulu kophunzitsana kwanuko, akhoza kulembetsa ngati membala wovota. Voti imeneyo sikupatsani mawu pa zimene zilowe mu chilankhulo, koma imakupatsani mawu pa kumene ndalama zothandizira misonkhano ndi maphunziro zizipita.