N'chifukwa chiyani a ku Ulaya satopa kuimba za spring?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kusekondale, akufunsa chifukwa chimene opeka nyimbo za classical ndi alakatuli a ku Ulaya amatamandira kwambiri nyengo ya spring (nyengo imene zomera zimaphukanso kuzizira kukatha), popeza iwo atamvetsera nyimbo yonena za nyengoyi ya Vivaldi, wopeka nyimbo wa ku Italy, sanamve kanthu mumtima. Mayi, funso lanu landikumbutsa umbuli wanga wakale.

Tili kusekondale tinaloweza ndakatulo ya William Wordsworth, mlakatuli wa ku England, yonena za maluwa a daffodil, ndipo aphunzitsi athu, amene nawonso anali asanaonepo duwalo, anangotiuza kuti ndi lachikasu. Mayeso ndinakhoza, koma ndinkadabwa kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake angataye bwanji nthawi polemba za maluwa osadyedwa. Ndinadzazindikira patapita zaka zambiri, nditakhala ku London nyengo yonse yozizira. Kumeneko mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, kuwala sikukwana maola 8, mitengo imayoyoka masamba onse n'kutsala ngati nkhuni zoimika, ndipo ine ndinkapita kuntchito kuli mdima n'kubwererako kuli mdima, mpaka ndinayamba kukwiyira anthu osandilakwira. Tsiku lina mu Malichi ndinaona maluwa achikasu aja atatumphuka m'mbali mwa msewu, ndipo ndinaimirira pomwepo basi n'kundisiya.

Kuyambira tsiku limenelo ndimatsutsana ndi aliyense wonena kuti nyimbo zimenezi n'zongoyamikira kukongola. Wozipeka amakhala munthu amene wavutika ndi mdima miyezi ingapo ndipo akulakalaka kutulukamo. Taonani Robert Schumann, wopeka nyimbo wa ku Germany, amene analemba chimango cha symphony (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida zoimbira) yake yoyamba, yotchedwa ya spring, m'masiku anayi okha mu Januwale 1841, kunja kukuzizira koopsa, ndipo inadzaimbidwa koyamba ku Leipzig pa 31 Malichi motsogozedwa ndi Felix Mendelssohn. Schumann ankaimba za chinthu chimene chinali chisanafike. Ngakhale Wordsworth, amene anaona maluwa ake pafupi ndi nyanja ya Ullswater mu Epulo 1802 akuyenda ndi mlongo wake Dorothy, ndakatuloyo anadzailemba patapita zaka ziwiri, kuchokera m'chikumbumtima cha zimene anaona.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi Igor Stravinsky, wopeka nyimbo wa ku Russia, chifukwa iye sananyengerere munthu. Mu The Rite of Spring, nyimbo yake ya gule wa pasiteji, nyengoyi imabwera ndi chiwawa, nthaka ikung'ambika, ndipo mtsikana wosankhidwa amavina mpaka kufa monga nsembe. Pamene anaionetsa koyamba ku Paris pa 29 Meyi 1913, oonerera anasokosa ndi kukangana m'holomo. Ine ndimaona kuti mlimi aliyense angamumvetse msanga Stravinsky kuposa olemekezeka a ku Paris aja.

Nanga mumvetsere bwanji?

Vuto lathu ndi lakuti dzinja, masika ndi chilimwe sizigwirizana ndi nyengo zinayi za ku Ulaya, ndipo kwathu kutalika kwa usana sikusintha kwenikweni. Koma kudikira timakudziwa. Kumbukirani kutentha kwa mu Okutobala, fumbi, tchire lopsa, mitengo ya m'thengo itaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, kenako chizimalupsa ndi fungo lija la dothi lonyowa limene limatulutsa ana onse m'nyumba.

Ndi maganizo amenewo, mayi, bwererani kwa Vivaldi. Nyimbo zake za nyengo zinayi zinasindikizidwa ku Amsterdam mu 1725 pamodzi ndi ndakatulo zofotokoza zimene zikuchitika, choncho yambani mwawerenga ndakatulo ya spring. Mudzamva mavayolini akulira ngati mbalame, kenako mtsinje ndi mabingu, ndipo m'chigawo chachiwiri, pamene mbusa wa mbuzi wagona, tcherani khutu ku viola (chida chonga vayolini koma chokulirapo), imene ikuuwa ngati galu wake.