Timabowo ta filala pa chisoti

Anzanga, mwafunsa chifukwa chake filala ya magalimoto (phala lomatira malo opindika) yomwe mwamata pa chisoti chanu chapulasitiki ikuonetsa timabowo mukangoyamba kupala. Nthawi zambiri vuto limakhala kasakanizidwe ka filalayo ndi hadena, mankhwala amene amaiumitsa. Mukamatakasa mozunguliza, mpweya umatsekeredwa mkati. Muziipinda ndi kuikanikiza ndi kachitsulo kafulati mpaka mtundu ufanane ponseponse, ndipo osasakanizira pa katoni, poti imamwa mafuta ake. Hadena musachulutse, magalamu 2 pa magalamu 100 a filala akwana.

Muzisakaniza yochepa nthawi iliyonse, chifukwa zikatha mphindi ngati 5 yayamba kale kulimba. Pakani mopyapyala, mokanikiza, kawiri kapena katatu. Ine ndinkaunjika yambiri kamodzi kuti ndithane nazo, koma kupala kwake manja ankachita kuwawa.

Ikangogwira koma isanaumiretu, sengani zotumphuka ndi mpeni, zimachoka mosavuta. Kenako palani ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 80, wa 180, mumalize ndi wa 320, mutavala masiki poti fumbi lake ndi loipa. Mukapopera pulaimala (penti yoyambira) timabowo totsala tidzaoneka, mutseke ndi spot putty, kaphala kosalala kotsekera timabowo.

Pamene pali thovu loyera la polystyrene musayerekeze kupakapo, filalayi imalisungunula.